Ochemerera Khumi ndi Mmodzi a Makatoni

Moni kwa inu owerenga, kulikonse kumene tsamba ili lakupezani. Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene anatiolotsa chaka cha mliri chija. Sanatiolotse tonse, ndipo chifukwa chake ndinasiya kumufunsa. Koma ine ndilipo, zala zanga zikuyendabe, nanga ndilekerenji kuyamika.

Ndine Eunice Voss. Lamulungu ndimayimba limba kutchalitchi kwathu mu msewu wa Alder, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndinkayimbanso limba m'holo ya basiketibolo ya yunivesite ya Tollison, pa kakhonde kanga ka pamwamba pa gawo lachisanu ndi chinayi. Mliri utabwera, anthu analetsedwa kulowa m'holomo. Matikiti sanagulidwe, ndipo a zamasewero anaperewera madola mamiliyoni anayi. Anathetsa timu ya osambira ndi ya ogwetsana. Olozera anthu mipando anawauza kuti akhale kunyumba, ine pamodzi. M'malo mwa anthu anaika makatoni. Munthu ankatumiza chithunzi chake ndi madola makumi asanu ndi limodzi, iwo n'kuchisindikiza pa katoni yaikulu, n'kuimangirira pampando kuti kamera ya TV isaone mipando yopanda anthu. Phokoso la ochemerera linkachokera m'masipika.

Lachitatu lina m'Januwale anandiitana kuti ndikajambulitse tinyimbo ta limba toti aziika m'masipikamo. Holo inali itatsekedwa masabata awiri chifukwa osewera atatu anapezeka ndi kachilombo. Nditalowa ndinapeza a Vance Garrity, mkulu wa zamasewero, ataima pakati pa bwalo ndi Sajeni Corinne Tull wa polisi ya payunivesite. Corinne ndimamudziwa bwino, ankayimba m'kwaya yathu masiku amene kwaya zinkaloledwa. Awiriwo ankayang'ana nkhope mazana asanu ndi anayi zomwetulira. Apo ndi apo panali mipata, ngati m'kamwa mwa munthu woguluka mano.

"Asowa khumi ndi mmodzi," anatero a Garrity. Ankayankhula mosakweza kapena kutsitsa mawu, ngati akuwerenga mndandanda wa zokagula. "Sanathyole, anamasula zingwe bwinobwino. Loweruka masewero athu aonetsedwa dziko lonse, kamodzi kokha chaka chino. A Hollis Brandvold analonjeza mphatso yoti ipulumutse timu ya atsikana ya mpira wamiyendo, ndipo anati akhala pa TV kudziyang'ana mumzere woyamba. Katoni yawo ili m'gulu la zosowa."

"Sindikizani ina," anatero Corinne.

"Osindikiza akufuna masabata awiri. Ndipo a Brandvold amva kale. Andiimbira kawiri kufunsa ngati kuno anthu opereka timawataya kudzala." Anatulutsa pepala m'thumba. "Chitseko chakumbuyo chinatsegulidwa Loweruka pa 9, m'ma 7 koloko m'mawa, ndi khadi lotsegulira zitseko la a Ardell Pruitt. Ndawafunsa, angondiyang'ana. Likakwana Lachisanu masana zinthu zili chonchi, ntchito yawathera ndipo nkhani ipita kukhoti. Ndachotsa kale anthu makumi atatu osalakwa, Sajeni. Wolakwa sandivuta."

A Ardell ndi amene amasesa holoyo. Akazi awo, Jolene, amapita ku makina otsuka magazi katatu pa sabata, ndipo chimene chimalipira ndi inshuwalansi ya pantchito ya amuna awo. Tonse atatu tinkazidziwa zimenezi.

"Mayi Voss, limba lidikire," anatero Corinne. "Tiyeni. Inu anthu a muno mumawadziwa ngakhale ndi kumbuyo kwa mitu."

* * *

A Dale Rusk, mphunzitsi wa ogwetsana aja, tinawapeza m'chipinda chapansi akukulunga matiresi ogwetsanirapo.

"Boma lafika," anatero osadzuka. "Mwadzamanga ine kapena matiresiwa? Matiresi musavutike nawo, agulitsidwa kale."

"Anyamata anu anakwiya timu itathetsedwa, aphunzitsi."

"Anyamata anga ali kwawo kuyambira Disembala. Wina akusenza mabokosi m'sitolo, wina akukama ng'ombe za abambo ake. Akanafuna kuba akanaba mpando wa Garrity, mwini wake ali pomwepo. Katoni angaidye? Ngakhale kunena zoona, makatoni ena aja akuchemerera bwino kuposa eni ake."

"Loweruka pa 9 munali kuti?"

"Muno, kudzatenga zikho zanga asanazigulitsenso. Lembani, musachite manyazi." Anapukuta manja pathalauza, ndipo nthabwala zinawathera. "Pakhomo lakumbuyo panali pikapu yofiira, injini ikulira. Woyendetsa sindinamuone. Ndinaona Ardell akutulutsa makatoni, imodziimodzi. Wakuba amaunjika, Sajeni. Iye uja ankanyamula ngati akunyamula wodwala, nkhope kumwamba."

"Simunamufunse?"

"Ndinafuna kumunyogodola, koma ndinaona tayi. Zaka makumi awiri ndamudziwa Ardell, sindinamuonepo atavala tayi."

* * *

A Ardell anali m'kachipinda kawo pafupi ndi makina otenthetsa holo, akudya sangweji atayang'ana kukhoma. Atationa anakweza masiki.

"Bambo Pruitt, khadi lanu linatsegula chitseko," anatero Corinne.

"Eya."

"Munali ndi munthu wa pikapu."

"Eya."

"Ndani?"

Anayang'ana sangweji ija.

"Munavala tayi. Munkapita kuti?"

"Inali yobwereka."

"Sindinafunse kuti inali ya yani."

"Abwera, Sajeni. Anthuwo abwera. Sanagulitsidwe, sananyowe."

"Liti?"

"Anayenera kubwera Lolemba lake lomwe lija."

"Ndiye kawatengeni."

"Kumene aliko sindingalowe. Ndikalowa ndimutengera Jolene chinthu."

Ine ndinalephera kupirira. "A Ardell, Jolene yemweyo ndi amene muyenera kumuganizira. Tchulani dzina."

Ananditembenukira, maso opanda mkwiyo, opandanso china chilichonse. "Ndinamuuza zonse, mayi Voss. Tayiyo anandisitira ndi iyeyo. Munthu uja zomwe zamugwera zakwana, sindimuonjezera khoti."

Anatsitsa masiki n'kupitiriza kudya.

* * *

Ndinakwera kukakhala pa kakhonde kanga. Corinne ananditsatira ndi mndandanda wa osowawo.

"Palibe chowalumikiza," anatero. "A Garrity anasanja makatoni motsata zimene munthu anapereka, ochuluka kutsogolo. Osowawa ena anali mumzere woyamba, ena wachinayi, ena kumapeto kwenikweni. Wogulitsa magalimoto, dokotala wa mano, wometa tsitsi, aphunzitsi awiri apachibale opuma ntchito. Ngati ankafuna kupweteka olemera, wometa tsitsi walakwanji?"

Ndinalandira pepalalo. Pansi panga panali gawo lachisanu ndi chinayi, lopanda katoni ngakhale imodzi chifukwa kamera siyang'ana kumeneko. Ndinawerenga dzina loyamba, maso anga n'kupita okha pa mpando wina. Ndinawerenga lachiwiri, anapita pa mpando woyandikana nawo.

Pa Tollison munthu sasintha mpando. Tikiti ya chaka imagulidwa pa nambala yomweyomweyo mpaka mwini wake atafa, kenako imapita kwa ana. A Brandvold akanatha kugula mzere wonse wa pansi, koma amakhala pa F 14 chifukwa ndi pamene ankakhala abambo awo. A Garrity anabwera kuno zaka zitatu zapitazo, ndipo posanja makatoni anayang'ana zopereka, sanayang'ane mipando.

"Corinne, mwanawe, taima apa," ndinatero. "Asanu mumzere wa F, kuyambira 12 mpaka 16. Awiri kumbuyo, mumzere wa H. Anayi mumzere wa G: 12, 13, kenako 15 ndi 16."

"Nanga 14?"

"Pa G 14 ankakhala Noreen Dombek. Masewero aliwonse ankabwera ndi chitini cha mabisiketi a jinja, chinkayenda kutsogolo, kumbali ndi kumbuyo, n'kubwerera chopanda kanthu. Anthu khumi ndi mmodziwa ndi amene chitinicho chinkawafikira. Amuna ake, a Lyle, anali wolozera anthu mipando pa masitepe awa zaka makumi atatu. Ali ndi pikapu yofiira."

"Noreen ali kuti?"

"Anamwalira pa 4. Maliro anali Loweruka pa 9, kutchalitchi kwawo kutsidya kwa mtsinje. A Lyle anandipempha kuti ndikayimbe, koma ndinali m'bindikiro sabata imeneyo. Ndinangojambula nyimbo n'kutumiza pafoni."

Ndinazinena zonsezi ngati ndikulengeza nambala za nyimbo. M'nyengo imeneyo ndinali nditayimbira maliro khumi ndi anayi, ndipo misozi inali itauma kalekale.

Corinne anatsika, anadutsa bwalo, n'kuyamba kuyenda pakati pa makatoni. Anaima mumzere wina wa kumbuyo. Ngakhale patali ndinazindikira mpango wa lalanje umene Noreen ankavala pamasewero.

"Yake ilipo," anakuwa. "Atenga anzake onse, n'kusiya iye yekha. Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa kumene ankapita nawoko, iye anali atafika kale."

* * *

Tinapita masana omwewo, magalasi a galimoto ali otsegula pang'ono, chisanu chikutiluma makutu. Pakhomo pa a Dombek chipale chofewa sichinakololedwe. Nyuzipepala zinali zitaunjikana pa sitepe, pambali pa mbale ya makaroni imene wina anaisiya ndipo inali itauma gwa ndi chisanu. Pikapu inali itakwiririka. Corinne anagogoda katatu, zii.

Tinazungulira kuzenera la pabalaza. Katani inali yotsegula theka. TV inkaonetsa masewero akale, yopanda mawu. Pa sofa, pa mipando ya kukhitchini, ngakhale pa benchi ya piyano panali anthu khumi ndi mmodzi akumwetulira, asanu kutsogolo, anayi pakati, awiri kumbuyo. Pakati pa anayi aja panali mpando wopanda munthu, ndi chitini pamwamba pake. Kumapeto, pafupi ndi chitseko, a Lyle anali pampando wawo atafunda bulangeti, mutu utagwera pachifuwa.

Corinne anamenya galasi ndi chikhatho. Sanagwedezeke.

Ndinayamba kupemphera chamumtima, mawu osabwera. Corinne anaimba nambala ya m'nyumbamo, tinamva foni ikulira m'kati. Italira kasanu, dzanja linatuluka m'bulangeti.

"Kwa Dombek," anatero mawu ofooka.

"Bambo Dombek, ndine Sajeni Tull. Tayang'anani kuzenera."

Anatembenuka pang'onopang'ono. Atandiona anayesa kudzuka, monga ankachitira nthawi zonse ndikamadutsa pa masitepe awo, koma miyendo inakana.

"Mayi Voss, takulandirani. Musalowe, muno muli matenda. Samalani sitepe, pakuterera." Anatsokomola nthawi yaitali. "Mwabwera kudzatenga alendo anga."

"Tiuzeni mmene zinayendera," anatero Corinne.

"Abusa anati lamulo ndi anthu khumi. Ndinawerenga: ine, abusa, onyamula bokosi awiri, Ardell. Asanu. Ana ali ku Manitoba, malire ndi otseka. Awa onse ndi okalamba, sindinafune n'kuwauza komwe, akanabwera n'kukatenga matenda. Ndiye Lachisanu ndinapita kukaona tchalitchi. Mabenchi onse aja, mayi Voss. Noreen anadyetsa anthu mabisiketi zaka makumi atatu, ndiye atuluke m'nyumba ya Mulungu mopanda womuperekeza? Ntchito yanga ine ndi kukhazika anthu m'mipando. Ndinawakhazika. Aliyense pamalo pake."

"Nanga katoni ya Noreen?"

"Ameneyo sanajombepo masewero. Ndinati akhale, wina azitiuza zigoli." Anapuma. "Nyimbo yanu anaimva, mayi. Sanayimbe nawo, koma Brandvold ngakhale kale sayimba."

"Bwanji simunabweze?"

"Ndinati Lolemba. Lamulungu ndinadzuka thupi likuwotcha. Tsiku lililonse ndimati mawa." Anayang'ana alendo awo aja. "Komanso ndikawabweza, muno mutsala ndani?"

Corinne anati: "Mukudziwa kuti a Ardell achotsedwa ntchito Lachisanu chifukwa akukana kukutchulani?"

A Lyle anadzutsa mutu.

"Sanandiuze. Amangoimba kufunsa ngati ndadya." "Lembani dzina langa, Sajeni. Zilembo zazikulu. Iye anangotsegula chitseko."

Milomo yawo inali itada. Corinne anadula foni n'kuitana ambulansi.

* * *

Itanyamuka ambulansi, tinakhala m'galimoto osailiza.

"Dzina ndalipeza, koma silithandiza," anatero Corinne. "Ndikalemba kuti ndi kuba, a Lyle ndi wakuba, a Ardell ndi omuthandiza. Achotsedwabe."

"Usalembe bodza, mwanawe."

"Sindinaganize zolemba bodza. Sindikuganiza chilichonse, mayi Voss. Ndatopa."

Ndinayang'ana nyumba ija. "Makatoniwo mwini wake ndani? Yunivesite, kapena amene analipira?"

Anafufuza pafoni chikalata chimene anthu ankadzaza potumiza zithunzi. Anawerenga kawiri. "Akuti katoni ndi ya wolipira. Nyengo ya masewero ikatha amakaitenga."

"Ndiye tifunse eni ake ngati anaberedwa."

Lachinayi lonse ndinakhala patebulo langa la kukhitchini ndi foni. Aliyense ndinamuuza zoona zokhazokha, n'kumufunsa funso limodzi: kodi mukudandaula? Aphunzitsi awiri apachibale aja analandizana foni, wina akulira, wina akumudzudzula kuti akulira ngati mwana. Wometa tsitsi anangofunsa ngati pachithunzi chake anali atavala malaya oyenera. A Brandvold ndinawasiyira kumapeto, chifukwa ndinkawaopa.

"Eunice wa limba? Ngati wakutuma Garrity, muuze kuti ndadya kale."

Ndinawafotokozera. Sanandidule, chinthu chosazolowereka kwa iwo.

"Ukuti ndinapita kumaliro a Noreen?"

"Munapita."

"Ndinakhala pati?"

"Benchi ya kutsogolo, pakati. Dokotala kumanzere kwanu, monga nthawi zonse."

Ndinawamva akupuma. "Ndinaona imfayo m'nyuzipepala patatha sabata. Ndinatumiza maluwa ndi khadi la kampani, ngati ndikuthokoza munthu wogula galimoto. Zaka makumi atatu ndikudya mabisiketi ake, ndipo anali owotcha kukhosi, sindinamuuzepo." Anatsokomola. "Uuze Garrity kuti ine sindinaberedwe. Ndinatengedwa kupita kumene ndinayenera kupita. Ndipo akamuchotsa wosesa uja, mphatso yanga akaipemphe kwa makatoni."

Lachisanu masana Corinne anaika lipoti lake patebulo la a Garrity. Munali zonse, mayina, nthawi, pikapu, ngakhale tayi. Pamzere wa odandaula analemba kuti palibe. A Garrity anawerenga mpaka kumapeto, n'kuvula magalasi.

"Lamulo la chitseko linaphwanyidwabe," anatero. "Bambo Pruitt, mulandira kalata yochenjeza. Ntchito mupitiriza."

"Eya," anatero a Ardell, n'kutenga tsache lawo.

Palibe anakondwa moonekera. Tinali titaiwala kachitidwe kake.

Corinne anakatenga makatoni atavala magolovesi, a Ardell n'kuwapukuta ndi mankhwala. Loweruka Tollison inagonja ndi zigoli khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kamera inaonetsa ochemerera kwa kamphindi, masipika akufuula. Timu ya atsikana inapulumuka. Osambira ndi ogwetsana sanabwererenso.

A Lyle anamwalira m'chipatala pa 2 Febuluwale. Lachisanu lotsatira, tsiku la maliro awo, m'ma 7 koloko m'mawa, chitseko chakumbuyo chinatsegulidwanso, ndipo khadi limene linalembedwa m'makina linali la a Garrity. Iwo anagwira chitseko, a Ardell atavala tayi yobwereka ija akutulutsa makatoni, imodziimodzi, nkhope kumwamba. Ulendo uno anali khumi ndi awiri. Noreen anamukhazika pakati.

Tsiku limenelo ndinapita ndekha kukayimba. Zaka zonse zija ndinkawaona kumbuyo kwa mitu, koma m'kagalasi ka pa limba onse ankandiyang'ana. Ndime yoyamba ndinaidutsa bwino. Pa yachiwiri ndinasiya kuona manotsi, ndipo zala zinamaliza zokha.

Mulungu wa chitonthozo chonse akhale nanu, inu owerenga. Akupatseni oyandikana nawo amene chitini chanu chingawafikire, ndi mnzanu wotsegula chitseko osawerengera. Ndipo pa tsiku lanu lotuluka, lifike mochedwa, akutumizireni operekeza amoyo, odzaza mabenchi, oyimba nawo. Ameni.